Mashiti a Madamu pa Chionetsero

Makina ochapira ndi kuumitsa a Nathovu anafa Lachisanu m'mawa, madzi ali m'mimba. Analira kaye ngati mbuzi yomangidwa, kenako kunamveka fungo la waya wopserera, kenako zii. Wokonza atabwera anagwada, anasuzumira kunsi, anapukusa mutu mmene amachitira onse okonza zinthu, n'kunena kuti chitsulo chake chipezeka sabata ya mawa. Sabata ya mawa ya wokonza, aliyense amadziwa kutalika kwake.

Dzina loti Nathovu anamupatsa ndi anthu a mumsewu mwake, chifukwa thovu la sopo silinkauma m'ngalande ya kutsogolo kwa kashopu kake. Ankachapa za aliyense, masuti a ukwati, mayunifolomu, mabulangete okodzeredwa ndi ana. Koma chimene chinkadyetsa banja chinali chimodzi: mashiti oyala pabedi a ku loji ya kuseri kwa siteshoni. Ndipo Madamu, eni lojiyo, anali atanena kale mwezi wathawo, mwaulemu wozizira ngati madzi a mufiriji:

"Mayi, mukadzachedwanso ndigula makina anga. Sindikukuopsezani ayi, ndikungokuuzani."

Tsopano mashiti aja anali mulu pakona, mapilokesi pamwamba pake, ndipo ankafunika Loweruka faifi koloko isanakwane, chifukwa loji inali yodzaza ndi alendo obwerera chionetsero cha zamalonda. Kuchapa pamanja sikunali nkhani, manja anali nawo. Koma kunja kunali mvumbi wa masiku, wonyowetsa ngakhale mchere m'kabati. Ukachapa, uyanika pati? Kupita nawo kwa wochapa mnzake wa kumtunda kunali ngati kusungitsa nyama kwa galu.

Loweruka m'mawa, iye atakhala pa ndowa yovundikira akuyang'ana mulu uja, amuna ake anatulukira atavala jekete ndi tayi, akununkhira ngati opita kokafunsira.

"Mukupita kuti?"

"Kuchionetsero, mayi. Ndinakuuzani kuti abwana atipatsa makadi olowera. Lina ndi lanu, koma inu zachitukuko simuzifuna."

Chitukuko cha bambowa Nathovu ankachidziwa. Chaka chatha anabwerako ndi zolembera zosalemba, maswiti odzaza matumba, ndi zokolekera makiyi zochuluka kuposa zitseko za mumsewu wonse.

"Pitani," anatero. "Mukatibweretsere zolembera, tidzadya."

"Mukunyoza chifukwa simunaone. Chaka chino n'cha zipangizo za m'mahotela. Kuli makina ochapira aakulu ngati chipinda chino. Amachapa pomwepo, anthu akuona."

"Amachapa chiyani?"

"Timataulo."

"Takuda?"

"Ayi, toyera kale. N'zongoonetsa basi."

Nathovu anayang'ana mulu uja, anayang'ana amuna ake, anayang'ananso mulu.

"Bambo a ana, tsitsani masutikesi aja pamwamba pa wadirobu. Onse awiri."

"Tikupita kuti?"

"Kuchitukuko."

Anavala diresi lake la kutchalitchi ndi nsapato zomwe zinkamuluma chala chaching'ono, anauza mwana wamkulu kuti azing'ono ake asayandikire mbaula, ndipo ananyamuka.

Pakhomo la holo panali mtsikana wolemba mabaji. Anafunsa dzina la kampani, anafunsa udindo. Nathovu asanatsegule pakamwa, amuna ake anali atayankha kale.

"Awa ndi adayirekita. Ine ndine woona zogula."

"Woona zaulere," anatero Nathovu chapansipansi.

Mlonda analoza masutikesi. "Muli chiyani umo, amayi?"

"Ntchito, mwanawe."

Mlondayo anayang'ana m'kati, mmene aliyense wovala suti ankakoka kasutikesi kake ka mateyala, n'kuwakodola kuti adutse.

Holoyo inali ngati bwalo la mpira lofoleredwa. Magetsi ponseponse, kapeti wofewa, fungo la khofi ndi la pulasitiki watsopano. Uku akukazinga mazira m'poto wosamata, uko munthu akudumpha pa matiresi kuti anthu aone kulimba kwake. Aliyense ankamwetulira ngati amudziwa Nathovu kuyambira ali mwana.

Amuna ake anali ndi njira yawo yoyendera chionetsero. Ankafika pa tebulo, kugwedeza mutu mwanzeru, kufunsa kuti, "Koma zimalimba?", dzanja lili kale m'mbale ya maswiti, kenako n'kutsanzika ndi mawu oti, "Tikaganizira." Pamalo a kampani ya zozimitsira moto ankagawa matisheti ofiira psuu, munthu mmodzi imodzi. Bambowo anavala yawo pomwepo pamwamba pa malaya ndi tayi, jekete n'kukoleka paphewa. Nathovu anawasiyira masutikesi kuti akafunse kumene kuli zochapira. Pobwera anawapeza atawerama, akutseka zipi.

"Mukufunamo chiyani?"

"Inatseguka yokha."

Nathovu analibe nthawi yoweruza milandu ya zipi. Anakoka sutikesi yake n'kutsogola.

Makina aja analikodi, kumapeto kwa holo, onyezimira, chitseko chake chagalasi chachikulu moti mwana wa sukulu akanalowamo osawerama. M'kati munkazungulira timataulo titatu toyera, tosungulumwa ngati alendo ofika msanga pa ukwati. Pambali pake panaima wogulitsa, bambo wa tayi wachikasu, maikolofoni m'manja, akulalikira kwa mipando yopanda anthu.

Ataona baji ya Nathovu, maso ake anawala.

"Takulandirani, adayirekita! Makina awa amachotsa litsiro lililonse. Mafuta, khofi, vinyo, chilichonse."

"Litsiro lake lili kuti?"

"Pepani?"

"Timataulo tanuto n'toyera kale, achimwene. Zoyera kale ngakhale amuna angawa atha kuchapa."

Anthu awiri odutsa anaseka n'kuima. Wogulitsa watayi uja anasekanso, koma ndi mano okha.

"Tikanakhala ndi zakuda, amayi, mukanaona zodabwitsa."

"Ayi, musadandaule."

Nathovu anagoneka sutikesi pa kapeti n'kutsegula. Fungo la zipinda zogonamo anthu linakwera m'mwamba mosachita manyazi. Watayi anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Izi... ndi zambiritu."

"Mwalemba apa kuti amanyamula zambiri. Kapena n'zongolemba? Ine sindigula chinthu ndisanachione chikugwira ntchito yanga. Ngati sangathe, nenani, ndaona ena uko."

Kunalibe ena uko, koma Watayi anatembenuka kuyang'ana. Anthu oima anali atawonjezekera. Munthu amene wakhala akulankhula yekha m'mawa wonse sataya gulu.

"Bwerani pafupi, mabwana ndi madona!" anakuwa pa maikolofoni. "Lero muona ntchito yeniyeni!"

Kunyumba Nathovu sankaponya kanthu m'makina asanakutumule. Shiti iliyonse ankaikutumula, pilokesi iliyonse ankaipisa dzanja, chifukwa alendo a ku loji amasiya zinthu zoti ukaziona umangoti Mulungu awakhululukire. Anawerama kuti ayambe, koma Watayi anamuletsa mwaulemu.

"Adayirekita sagwira zakuda pano. Khalani apo, mulandire tiyi."

Anakumbatira mulu wonse, sutikesi yoyamba ndi yachiwiri, n'kukankhira m'kati. Chitseko chinati khethe. Anafotokozera gulu monyada kuti chikatsekeka chotero sichitsegukanso mpaka ntchito itatha, ngakhale abwere ndani.

Nathovu anakhala pa mpando wofewa. Anamubweretsera tiyi wa mkaka ndi mabisiketi pa kambale. Anavula nsapato yoluma ija mwakachetechete n'kuibisa kunsi kwa mpando. Amene analerapo ana akudziwa kukoma kwa tiyi wopangidwa ndi munthu wina, womwa utakhala pansi, popanda wokuitana. Madzi ankalowa, thovu linkakwera, magetsi anali a eni ake. Anayamba kuona kuti chitukuko si chinthu choipa.

Ndiye kanthu kofiira kanadutsa pagalasi n'kubisala.

Anaphethira. Kanadutsanso, kakumutulutsira lilime ngati mwana wamwano. Thovu lija, lomwe linali loyera, linayamba kuoneka ngati madzi otsukira nyama.

Anatembenuka pang'onopang'ono. Amuna ake anali ataima pambali m'tisheti yawo yofiira, akuphunzira mmene denga la holo analimangira.

"Bambo a ana."

"Mayi."

"Matisheti aja munatenga angati?"

"Amapereka imodzi imodzi."

"Sindinafunse kuti amapereka angati."

Bambowo anatsitsa mawu. "Inayo ndinapita kawiri. Inali yanu. Ndinaibisa m'pilokesi kuti asaione. Ndimati ndikakudzidzimutseni kunyumba."

"Mwandidzidzimutsa."

Tiyi uja anasanduka madzi. Ndipo poti tsoka likabwera limaitana abale ake, kumbuyo kwake kunamveka mawu omwe ankawadziwa ngakhale ali m'tulo.

"Aa, mayi! Inunso muli kuno?"

Anali Madamu, chikwama chachikopa pamkono, magalasi pamphumi. M'dzanja ananyamula kabuku konyezimira, pachikuto pake pali chithunzi cha makina omwewa. Sanachite n'kubisa.

Nathovu anaimirira, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina lopanda.

"Tabwera kudzaona nawo, Madamu."

"Inenso ndikungoona mitengo. Munthu amafunika kudziwa." Anayang'ana wotchi yawo. "Nanga mashiti anga?"

"Akuchapidwa, Madamu."

"Faifi kolokotu."

"Sindinaiwale."

Madamu sanachoke. Anapeza malo kutsogolo kwenikweni, kuti aone bwino makina omwe ankafuna kugula.

Makina ataima, Watayi anapempha anthu kuti aombe m'manja. Anatsegula chitseko, anakoka shiti yoyamba n'kuitambasula m'mwamba osaiyang'ana, nkhope ili kwa anthu.

"Taonani kuyera!"

Shitiyo inali pinki. Osati pinki wamanyazi ayi, pinki weniweni, wa diresi la mwana wa chaka chimodzi.

Holo inagwa ndi phwete. Wina anakuwa kuti, "Amapakanso utoto? Ndiye ndi otchipa!" Mafoni anakwera m'mwamba. Nathovu anathamangira kukalandira shitiyo, osati chifukwa chofuna kuthandiza, koma chifukwa pakona ya shiti iliyonse panali kachizindikiro ka loji, kiyi wabuluu wosokedwa ndi ulusi. Anafumbata konayo m'dzanja ngati ndalama ya basi.

Madamu ankaseka mpaka kupukuta misozi. "Mwini wake wa mashiti amenewa ndikumumvera chisoni," anatero.

"Inenso, Madamu."

Watayi anapisa mkono m'makina mpaka paphewa, n'kutulutsa tisheti ija, yonyowa, yofota, yosalapa. Anaikweza m'mwamba.

"Si makina ayi! Ndi ichi! Waika ndani ichi?"

Anayang'ana gulu kufuna wolakwa. Koma a zozimitsira moto aja anali atagwira ntchito yawo bwino: theka la anthu oima pamenepo linali litavala matisheti ofiira omwewo. Amuna a Nathovu anavala jekete mwakachetechete n'kumanga mabatani onse.

"Ine sindinaike," anatero Nathovu, ndipo sikunali kunama. Anasendera pafupi ndi Watayi n'kutsitsa mawu. "Komanso ndimati ndikutumule kaye, inu munati adayirekita sagwira zakuda. Tsono mverani, achimwene. Nditha kunyamula mashiti angawa mmene alilimu. Ndidutsa nawo pakati pa holo yonse mpaka kukhomo, ndipo aliyense wondifunsa kumene ndachapitsa, ndimulozera. Ine mwano ndilibe, ndimayankha aliyense."

Thukuta linatsika m'khosi mwa Watayi mpaka kunyowetsa tayi. Mtima wa Nathovu nawo unkagunda ngati makina ake aja atatsala pang'ono kufa, koma zimenezo zinali za m'kati. Ukaipa, dziwa nyimbo.

Thandizo linachokera pa tebulo loyandikana nalo. Pamenepo panali mayi wina wonenepa bwino, wogulitsa mankhwala oyeretsa zovala, yemwe kuyambira m'mawa ankangothamangitsa tulo ndi foni chifukwa palibe ankaima pa mabotolo ake. Anabwera akukankha anthu ndi chigongono, chigubu m'manja.

"Chemwali, musalire. Utoto wosuluka ndi chakudya changa." Analanda maikolofoni m'manja mwa Watayi ngati akulanda mpeni kwa mwana. "Mabwana, mwaona zimene makina amachita akakhala okha. Tsopano muone zimene mankhwala anga amachita!"

"Makina alibe mlandu!" anatero Watayi.

"Ndiye ayatseninso tiwapatse mpata wodziyeretsa."

Mashiti anabwereramo. Ulendo uno Nathovu anakutumula yekha imodzi imodzi, makona atawapinda m'kati, msana atalozetsa kwa Madamu. Tisheti yonyowa anaipatsa amuna ake.

"Gwirani mphatso yanga. Muime nayo pomwepo mpaka ndikuuzeni."

"Ikudontha, mayi."

"Idonthe."

Palibe anachoka. Anthu anaiwala mapoto ndi matiresi, anayamba kutsutsana ngati ali ku mpira, ena akuti ayera, ena akuti pinki sachoka, mlamu wawo anayesapo. Mayi wa mankhwala ankagawa timapepala take uku ndi uku, nkhope ili ngwee. Anabweretsanso tiyi wina, koma Nathovu sanamumve kukoma. Maso ake ankachoka pagalasi kupita pa wotchi yaikulu ya pakhoma, kuchoka pa wotchi kupita kwa Madamu, omwe tsopano anali atakhala pa mpando wake uja, pamwamba pa nsapato yake.

Chitseko chitatsegukanso, Watayi sanayerekeze kulankhula. Anakoka shiti ndi zala ziwiri, maso atatsinzina.

Inali yoyera mbee.

Anthu anakuwa ngati chalowa chigoli. Watayi ndi mayi wa mankhwala anayamba kulimbirana maikolofoni, aliyense akuti ulemu ndi wake. Nathovu analibe nazo ntchito. Mashiti anali oyera, inde, koma achinyezi, ndipo masana anali atapendeka.

"Amayi! Musapite nawo onyowa!"

Anali mkulu wina wa imvi kutsidya kwa kanjira, ataima pambali pa chimakina chachitali chokhala ndi zogudubuza zotentha. Gulu lonse lija ankaliona ndi njala kuyambira kale.

"Awa amasita ndi kuumitsa nthawi imodzi. Mulowetsa uku yonyowa, ituluka uko youma, yosalala ngati pepala. Bweretsani, tione ngati ndikunama."

"Tingoyesako, poti mwakakamiza," anatero Nathovu.

Mashiti anawoloka kanjira, gulu likutsatira pambuyo ngati operekeza mkwatibwi. Nathovu anaima kolowetsera, akuyala shiti iliyonse kachizindikiro kali pansi. Zinkayenda bwino. Zikanatha bwino, mkulu uja akanapanda kukhala wodziwa malonda. Anayang'ana gulu, anaona chikwama chachikopa ndi magalasi a pamphumi, n'kudziwa kumene kuli wogula.

"Dona, tabwerani mulandire nokha kuno. Mumve ndi manja anu."

Nathovu anafuna kuthamangira kumeneko, koma manja ake anali atagwira shiti yomwe makina anali atayamba kale kumeza. Anangoyang'ana. Shiti inatuluka mbali inayo, yofunda, yosalala, n'kutsetserekera m'manja mwa Madamu. Madamu anaisisita, anagwedeza mutu, anaitembenuza kuti aone kuseri.

Anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi.

Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira chimakina chija, kona ya shiti ili m'manja, mpaka anaima pafupi ndi Nathovu. Analankhula motsitsa, mmene amalankhulira anthu olemera akakwiya.

"Mayi."

"Madamu."

"Kiyi uyu ndikumudziwa."

"Ndi wanu, Madamu."

"Ndiye apinki aja..."

"Anali omwewa."

"Ndinaseka mashiti anga omwe?"

"Munawamveranso chisoni eni ake."

Nathovu sanasiye kulowetsa. Ngati ntchito ikutha lero, ithe mashiti atasitidwa.

"Makina anga anafa dzulo," anatero. "Kunja mukukuona nokha. Munati faifi koloko, Madamu, ndipo faifi sinakwane. Malo simunatchule."

"Simukanandiimbira foni?"

"Mukanatani?"

"Ndikanagula makina lero lomwe."

"N'chifukwa chake."

Madamu anayang'ana kabuku kawo konyezimira. Anayang'ana kutsidya, kumene Watayi anakhala pa mpando, tayi atamasula, akudzipepesa ndi mabisiketi a alendo. Kenako anayang'ana bambo ataima okha m'jekete lomanga mabatani onse, atanyamula tisheti yonyowa kutali ndi thupi ngati khoswe wakufa, kadziwe kapinki kali pa nsapato.

"Awo ndi amuna anu?"

"Ndi omwe ndinapatsidwa."

Pakamwa pa Madamu panagwedera. Anayesa kupagwira kuti asaseke, koma zinakanika.

"Tisheti imodzi yokha," anatero, "anthu akuluakulu atatu ndi makina awo tsiku lonse."

"Alendo anu amasiya zoposa pamenepo. Masokosi, zopaka milomo, zina sindingatchule pagulu. Ndimachotsa ndine. Lero lokha ndi limene sindinapise dzanja, ndipo mwaona."

Madamu anadzikupiza ndi kabuku kaja kwa kanthawi. Kenako anakodola amuna a Nathovu, n'kuwapatsa.

"Onjezani pa zaulere zanuzo, bambo."

"Zikomo kwambiri, Madamu. Tikaganizira."

"Inu musaganizire chilichonse," anatero Nathovu. "Kanditengereni nsapato yanga kunsi kwa mpando uko."

Shiti yomaliza itatuluka, anthu anaombanso m'manja n'kuyamba kubalalika. Mkulu wa imvi anafunsa Nathovu ngati adayirekita akhutira. Iye anayankha kuti makinawo si oipa, koma ayenera kukambirana kaye ndi woona zogula. Anapinda mashiti, anawasanja m'masutikesi, ndipo Madamu anati galimoto yawo ili panja, palibe chifukwa chovutikira ndi basi.

Akuyandikira kukhomo, Madamu anachepetsa liwiro. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuweramira kukhutu kwa Nathovu.

"Chionetserochi chikutha liti?"

"Mawa madzulo."

"Makatani a m'zipinda zonse sanachapidwe chaka chino."

Nathovu anaganiza za tiyi wa mkaka uja ndi mpando wofewa. Anaganizanso za Watayi, yemwe sakanamulolanso kuyandikira ngakhale atabwera ndi bishopu. Koma anali ataona makina ena ang'onoang'ono pafupi ndi zimbudzi, wogulitsa wake akuyasamula.

"Muwaike m'masutikesi," anatero. "Mudzavale magalasi omwewa, muzidzafunsa mafunso ndinu. Koma mtengo wanga ndi womwe uja, Madamu."

"Mayi, simuchita manyazi?"

"Ndinawachapa kalekale, anasuluka."

Amuna ake anawapeza akupuma mwabefu, nsapato m'dzanja limodzi, tisheti m'dzanja lina, matumba a jekete ali tutumba ndi maswiti.

"Mwamva, mayi? Akuti mawa kuli zipewa zobiriwira."

Nathovu analandira nsapato yake, anavala, chala chaching'ono chinayambiranso kulira.

"Mawa," anatero, "mutsala ndi ana."